Timakeke ta galu wanu: kaphikidwe kake ndi nchito yake

Mwina mukuti, "Aa! Galu nkumuphikira keke?" Tamvani kaye. Kuno ku Marávia galu ndi mlonda. Usiku amauwa pakhomo, masana amathamangitsa anyani kumunda. Koma ambirife timangomuponyera mkute, ndipo tikamuitana amathawa. Timakeke iti ndi tophunzitsira galu kubwera mukamuitana. Tsiku la katemera mudzaona phindu lake.

Zofunika

Makapu 2 a mgaiwa. Kapu 1 ya mbatata yophika. Dzira 1. Kapenta wodzaza dzanja limodzi, ngati uja wa ku Cahora Bassa. Madzi pang'ono.

Kaphikidwe

Coyamba, viikani kapenta m'madzi kuti mcere ucoke. Muumitseni, kenako musinjeni. Pondani mbatata mpaka ifewe. Sakanizani ufa, mbatata, dzira ndi kapenta. Thirani madzi pang'onopang'ono mpaka zigwirane ngati nsima yolimba.

Tsopano umbani timibulu tating'ono ngati cala cacikulu. Tiphwathalitseni ndi dzanja. Pakani mafuta pang'ono mumphika ndi kuyalamo timakeke. Ikani mphika pa makala ocepa, ndipo makala ena muike pa civundikiro, monga mumacitira ndi cikondamoyo. Pakatha mphindi 15 titembenuzeni. Dikirani mphindi 15 zina, mpaka tiume gwa. Tikazizira, tisungeni m'citini cotseka. Tithe m'masiku atatu kapena anayi. Mukaona cuku, tayani tonse.

Samalani ndi ufa wacuku

Apa ndiye pofunika kwambiri. Ena amati, "Cimanga cowola cipite kwa galu." Ai, musatero. Cuku ca pa cimanga ndi mtedza cimatha kutulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoniyu amaononga ciwindi, ndipo satha ngakhale muphike pa moto waukulu. Mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za cimanga cokhala ndi poizoni ameneyu. Zambia ndi dziko lomwe tagundana nalo malire, ndipo cimanga timasunga mofanana. Cimanga cimene simungapatse mwana wanu, musapatse galu.

Zina zoti musaikemo

Anyezi ndi adyo zimaononga magazi a galu. Chokoleti ndi poizoni kwa iye. Mcere ndi shuga sizofunika. Mafupa a nkhuku ophika musamupatse, cifukwa amasweka mosongoka ndipo angamubaye kukhosi kapena m'matumbo.

Kumbukiraninso kuti timakeke si cakudya ca tsiku lonse. Tiwiri kapena titatu pa tsiku takwana. Galu azidyabe cakudya cake ndi kumwa madzi abwino.

Momwe mungamuphunzitsire

Bisani keke kamodzi m'dzanja. Itanani galu ndi dzina lake. Akabwera, mupatseni nthawi yomweyo ndi kumusisita pakhosi. Mukacedwa, sadziwa cimene mwamupatsira. Citani zimenezi tsiku lililonse. Akazolowera, yambani kumumanga cingwe cofewa kwa kanthawi kocepa, kenako mupatseni kena. Musamumenye akabwera mocedwa. Galu womenyedwa amaphunzira kuthawa basi.

Cifukwa cake nciani?

Ciwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sacira. Koma katemera wa galu amatseka njira ya matendawa. Vuto ndi lakuti alangizi a ziweto akafika pamudzi, agalu ambiri sagwirika. Amathawira kuthengo, katemera nkuwapita. Galu wozolowera dzanja lanu mumangomuitana, nkumugwira, nkubayitsa.

Bayitsani galu kuyambira ali ndi miyezi 3, ndipo muzibwereza caka ndi caka. Funsani amfumu kapena ofesi ya zaulimi ku Fingoè za tsiku la katemera. Pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe.

Wina akalumidwa ndi galu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Kenako thamangirani naye kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musadikire kuti muone ngati galuyo adwale.

Yesani kuphika sabata ino. Muitanenso mwana wanu akuthandizeni kuyeza makapu, inu mukumuwerengera malangizo awa mokweza.