Sikana Ikakana Kuoneka pa Kompyuta

Masiku ano munthu wofuna nchito ya uphunzitsi, ya unesi kapena malo ku koleji amauzidwa kawirikawiri kuti atumize makalata ace pa intaneti. Motero wacinyamata amanyamuka kumudzi m'mamawa, satifiketi ya Giredi 12 ndi citupa ca NRC zili m'cikwama, kupita kuboma kukajambulitsa. Pofika apeza mwini sitolo wagwira m'mutu: sikana ilipo, cingwe ncolumikiza, koma kompyuta ikunena kuti palibe sikana iriyonse. Tsiku lotsekera ndi mawa, ndipo ndalama ya basi yapita kale.

Ambiri pamenepo amaweruza msanga kuti makinawo afa. Ife tiona kuti nthawi zambiri sikana imakhala yamoyo ndithu, ndipo mlandu uli pena.

Yambani ndi cingwe, awerengi. Masikana ang'ono opyapyala, monga a mtundu wa CanoScan LiDE, alibe cingwe cao ca magetsi. Mphamvu yonse amaitenga pa bowo la USB. Bowo la USB 2.0 limapereka mavoti 5 ndi mamiliampu 500 basi. Mukaikapo kabokosi kogawira mabowo, pamene pali kale mausi, kiyibodi ndi foni yochajidwa, sikana imalandira zotsalira ndipo siidzuka. Cotsani kabokosiko, mulumikize sikanayo pa bowo la kumbuyo kwa kompyuta, pakuti mabowo a kutsogolo pa makompyuta akale nthawi zina mkati mwace mulibe ndi waya womwe. Cingwe ca USB 2.0 cisapitirire mamita 5. Ndipo tisacite manyazi kunena kuti makoswe a m'maofesi athu amazikonda zingwezi; yesani cingwe ca pulinta cimene mudziwa kuti cigwira nchito, ngati kamwa lace lilingana.

Zikatero funsani kompyuta ngati yamuona mlendoyo. Pa Windows tsegulani Device Manager. Dzina la sikana likaoneka ndi kacizindikiro kacikasu pambali, ndiye kuti cingwe cili bwino, cosowa ndi pulogalamu yochedwa driver. Imeneyi ili ngati womasulira m'khoti: woweruza amuona mboni ndi maso, koma popanda womasulira samvana. Driver itengeni kwa kampani imene inapanga sikanayo, poyang'ana nambala ya mtundu wace yolembedwa pa makinawo. Onaninso kuti Windows Image Acquisition, imene ipezeka pa ndandanda ya Services, iri kuyenda.

Makompyuta ena a m'masukulu ali ndi Ubuntu kapena Linux ya mtundu wina, ndipo apa mpomwe aphunzitsi ambiri amataya mtima msanga. Tsegulani Terminal, mulembe lsusb. Padzaturuka mzere wa cinthu ciriconse columikizidwa, ndi nambala ya kampani: 04a9 ndi Canon, 04b8 ndi Epson, 03f0 ndi HP. Sikana ikasowa pamenepo, bwererani ku cingwe, pakuti palibe pulogalamu imene ingacize waya woduka.

Ikaoneka, lembani scanimage -L. Lamulo limeneli lifunsa SANE, gulu la madriver a masikana limene linayambika m'caka ca 1996 ndipo likonzedwa ndi anthu odzipereka. Likayankha kuti silinapeze kanthu, bwerezani motere: sudo scanimage -L, ndi kulemba mau anu acinsinsi. Sikana ikaoneka tsopano, mwaupeza mlandu. Kompyuta iidziwa bwino sikanayo, koma ikulola mwini wamkulu yekha kuigwira, inu ikukuletsani. Mankhwala ace ndi kulowetsa dzina lanu m'gulu lochedwa scanner, polemba sudo usermod -aG scanner, kutsatiza dzina limene mulowera nalo pa kompyuta. Mukatero turukani ndi kulowanso. Ambiri amaiwala kuturuka kumeneku, nanena kuti mankhwala sanagwire.

Alipo masikana ena, monga Mustek BearPaw, ofuna kafaelo kochedwa firmware kamene kali pa CD imene inabwera m'katoni. Cifukwa cace musapatse ana CD imeneyo kuti aseweretse.

Cotidandaulitsa ife ndi cakuti makampani amaleka kupanga madriver a masikana akale pamene Windows yatsopano yaturuka, ngakhale galasi ndi nyali zace zikali zabwino. Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo amene asamukira ku Windows 11 angapeze kuti sikana yao yakale yasanduka mlendo. Musafulumire kuiponya kunkhokwe. SANE ikali kudziwa masikana ambiri akale, ndiponso pali pulogalamu yogulitsa yochedwa VueScan imene iyendetsa ambiri a iwo pa Windows. Mwini sitolo wanzeru ayese sikana yace ndi pepala wamba m'mawa uliwonse asanatsegule citseko, makamaka sabata imene boma lalengeza zolemba anthu nchito.