Malo ndi Cholowa M'mabanja a Alimi a ku Spain, 1500 mpaka 1800

Pakati pa zaka za 1500 ndi 1800, anthu ambiri a ku Spain ankadalira ulimi, koma amene anali ndi malo awoawo okwanira anali ochepa. Minda ikuluikulu inali m'manja mwa mabanja olemekezeka, mabishopu, nyumba za amonke ndi makhonsolo a mizinda. Mlimi wamba ankapereka lendi kwa mwinimalo, chakhumi kutchalitchi ndiponso msonkho kwa mfumu. Motero cholowa chimene kholo linkasiyira ana sichinkakhala dothi lokha ayi. Munkakhala nyumba, ziweto, mitengo ya mpesa, ufulu wolima munda wa eniake, ndi ngongole zomwe. Banja lililonse linkakumana ndi funso limodzi lovuta: kugawira ana onse munda n'kuchepa, kapena kusunga munda wathunthu ana ena n'kutuluka.

Ku Castile, chigawo chachikulu cha dzikolo, yankho linali kugawa. Malamulo a ku Toro a m'chaka cha 1505 anakhwimitsa dongosolo lakuti magawo anayi mwa asanu a chuma chamasiye apite kwa ana, aamuna ndi aakazi mofanana. Gawo lachisanu lokha ndi limene mwiniwake ankatha kulipereka kumene wafuna, ndipo ndalama za maliro ndi za Misa zinkachokera pomwepo. Komabe lamulolo linasiya mpata wotchedwa mejora, woti kholo likondere mwana mmodzi. Chuma chikakhala cha magawo 15 ndipo ana ali anayi, magawo 3 ankapatulidwa poyamba, kenaka magawo 4 pa 12 otsalawo ankatha kupita kwa mwana wosankhidwa, ndipo 8 omaliza ankagawidwa awiriawiri. Wosankhidwayo akapatsidwanso zotsala pa magawo 3 aja, ankatenga pafupifupi 9 pa 15. Kawirikawiri mwayiwu unkagwera mwana amene wakhala pakhomo kusamalira makolo pa ukalamba.

Mkazi wa ku Castile sanali mlendo pa chuma cha banja. Katundu amene anabwera naye pokwatiwa ankakhalabe wake ngakhale ankayang'anira ndi mwamuna, ndipo zonse zimene awiriwo anapeza ali m'banja zinkagawidwa pakati mmodzi akamwalira. Ichi n'chifukwa chake akazi amasiye ambiri ankayendetsa okha minda. Choipa cha dongosololi n'chakuti m'badwo uliwonse minda inkanka ichepa. Mabanja ankayesa kulumikizanso zidutswazo pokwatitsa ana kwa achibale kapena kwa oyandikana nawo munda. Chaka cha chilala chikafika, mlimi ankatenga ngongole yotchedwa censo, munda n'kukhala chikole, ndipo ngongoleyo inkatsata mundawo kwa ana ndi adzukulu. Zinthu zinathina kwambiri pamene Mfumu Felipe II, posowa ndalama, inayamba kugulitsa malo opanda mwini amene midzi inkadyetserako ziweto ndi kulimako mosinthana.

Olemera ankathawa kugawaku kudzera mu mayorazgo, lamulo lomanga chuma kuti chisagulitsidwe kapena kugawidwa, koma chizingopita chathunthu kwa mlowam'malo mmodzi, nthawi zambiri mwana wamwamuna wachisamba. Alimi ena opeza bwino anatengera zomwezo pa minda yawo.

Ku Catalonia zinali zosiyana. Chigamulo chimene Mfumu Fernando II inapereka ku Guadalupe mu 1486 chinamasula alimi amene anali omangika kwa ambuye awo, ndipo anakhala ndi ufulu wokhazikika pa minda yawo malinga akupereka lendi. Nyumba ndi munda zinkapita kwa hereu, mwana wamwamuna wamkulu. Kukakhala kulibe mwana wamwamuna zinkapita kwa pubilla, mwana wamkazi wamkulu. Lamulo la mu 1585 linatsimikiza kuti ana onse pamodzi azigawana gawo limodzi mwa anayi lokha, ndipo nthawi zambiri linkaperekedwa ngati ndalama. Zonsezi zinkalembedwa m'pangano pa nthawi imene mlowam'maloyo akukwatira. Abale ake ankapita kukaphunzira ntchito zamanja, malonda kapena unsembe, ena n'kukhala pakhomo osakwatira moyo wawo wonse. Nyumba zambiri zinakhalitsa zaka mazanamazana motere, koma mtengo wake analipira ndi ana aang'onowo.

Kwa Abasque, malamulo a ku Vizcaya a mu 1526 ankalola makolo kusankha mwana aliyense amene aona kuti angasunge nyumba, wamkulu kapena wamng'ono, wamwamuna kapena wamkazi. Otsalawo ambiri analowa ntchito za panyanja kapena kupita ku America.

Ku Galicia alimi ankalima malo a amonke ndi a olemekezeka pa pangano lotchedwa foro, lokhala mibadwo itatu kapena moyo wa mafumu atatu ndi zaka 29. Panali anthu apakati amene ankatenga malowo n'kuwabwereketsanso pa mtengo wokwera, ndipo minda inang'ambika tizidutswatizidutswa. Mu 1763, pa ulamuliro wa Mfumu Carlos III, boma linaletsa eni malo kuthamangitsa alimi pangano likatha. Ku Andalusia, kum'mwera, nkhani ya cholowa inali yaifupi, pakuti ambiri anali aganyu pa minda ikuluikulu ndipo analibe munda wosiyira ana.

Zambiri za chuma cha mabanjawa zimadziwika kuchokera m'mawilo olembedwa pamaso pa alembi ovomerezeka ndi boma, ndiponso m'kalembera wotchedwa wa Ensenada, amene analamulidwa mu 1749 ndipo analemba minda, nyumba ndi ziweto m'zigawo 22 za Castile. Mu 1795 Gaspar Melchor de Jovellanos anatulutsa lipoti lodzudzula kumanga malo ochuluka m'manja mwa tchalitchi ndi mabanja ochepa. Malamulo a mu 1836 ndi 1841 anathetsa mayorazgo, ndipo malo a amonke anayamba kugulitsidwa mu 1836, koma amene anagula ambiri anali a ndalama kale. Miyambo ya mlowam'malo mmodzi ya ku Catalonia ndi ya Abasque inapitirirabe, chifukwa lamulo la dziko lonse la mu 1889 linalola madera amenewa kusunga malamulo awo a cholowa.