Kusiyana kwa nsomba za bass ndi trout zomwe awedzi amasaka

THYOLO, Mana: Anthu okonda kuwedza ngati masewera amene amapita kumadamu a m'minda ya tiyi m'boma la Thyolo kawirikawiri amakhala akusaka nsomba yotchedwa bass, yomwe kwawo kwenikweni ndi ku North America.

Nsombayi imakonda madzi odikha komanso ofundirako, n'chifukwa chake madamuwa amaiyanja. Pomwe trout imafuna madzi ozizira, othamanga ndi a mpweya wambiri. Kotero kuyambira pomwe azungu anaibweretsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, malo ake akhala mitsinje ndi madamu a kumapiri monga Zomba, Mulanje ndi Nyika.

Awedzi ambiri a trout salabadira za nyongolotsi. Iwo amakulunga nthenga, ubweya ndi ulusi pambedza mpaka nyamboyo ifanane ndi kachilombo komwe nsombayo ikudya nyengo imeneyo. Ntchitoyi njofuna luso ndi kuleza mtima.

Komatu bass ndi yolusa. Imadya tiana ta chambo, makumba ngakhalenso matemba, choncho mlimi amene angatengeko ziwiri kapena zitatu n'kukaponya m'dziwe lake akhoza kudzakolola nsomba zochepa kuposa zomwe anaikamo.