Mtima Wofooka ndi Kafukufuku wa Mankhwala ku Kitwe ndi Ndola

Mtima amati wafooka pamene ukulephera kupopa magazi okwanira thupi lonse. Umagundabe ndithu, koma mphamvu zake zimakhala zachepa, kapena minofu yake yauma moti sudzaza bwino. Magazi akamayenda mwaulesi, impso zimasunga mchere ndi madzi, ndipo madziwo amakadikha m'mapazi, m'mimba ndi m'mapapo. N'chifukwa chake ambiri amayamba kudandaula za nsapato asanaganize n'komwe za mtima. Nsapato ya mwezi watha lero ikukana kulowa, ndipo chala chikadina pamsongolo chimasiya kadzenje kochedwa kufufuma. Usiku munthu amasanjikiza mapilo atatu, mwina kugona chokhala pampando, poti akangogona chagada mpweya umamuthawa.

Ku Ulaya vutoli limakonda okalamba amene mitsempha ya mtima idatsekeka. Kuno ku Africa ndi zosiyana. Kafukufuku wa THESUS-HF, amene adatuluka mu 2012 motsogozedwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo, adaunika odwala 1,006 m'mayiko 9 a mu Africa. Zaka zawo zinali pafupifupi 52 pa avereji, msinkhu wa anthu amene akulipirabe ana sukulu, ndipo pafupifupi theka adafika pamenepo chifukwa cha BP. Ena mtima udawonongeka ali ana, pamene zilonda zapakhosi zosachizidwa zidakawononga timavavu ta mtima. Palinso amayi amene mtima umafooka chakumapeto kwa pakati kapena miyezi yochepa atachira, palinso TB imene imadzaza madzi m'kathumba kokuta mtima, mowa wa zaka zambiri, shuga ndi HIV. M'matauni a migodi muli chinanso: fumbi la miyala limaumitsa mapapo, ndipo mbali yakumanja ya mtima imatopa pokankha magazi m'mapapo oumawo. Amene adagwirako ntchito pansi ayenera kumuuza dokotala zimenezi, ndipo ngati ali ndi mapepala ochokera ku Occupational Health and Safety Institute ya ku Kitwe, awanyamule.

Chimene chimatsimikiza matendawa ndi sikani ya mtima yotchedwa echo. Imaonetsa timavavu komanso kuchuluka kwa magazi amene mtima umatulutsa ukagunda kamodzi. Mtima wabwino umatulutsa oposa theka la magazi amene ali m'chipinda chake chachikulu. Ukamatulutsa 40 pa 100 alionse kapena kuchepera apo, madokotala amati wafooka pa kapopedwe. Nambala imeneyi wodwala aziidziwa ngati nambala ya foni yake, chifukwa mankhwala amasankhidwa potengera iyo, ndipo akafukufuku amayamba kufunsa iyo. Odwala ochokera m'makiliniki a m'makomboni amatumizidwa ku Kitwe Teaching Hospital kapena Ndola Teaching Hospital, ana ku chipatala cha Arthur Davison ku Ndola komweko, ndipo ofunika opaleshoni amapita ku National Heart Hospital ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 300.

Mankhwala ali ndi ntchito ziwiri zimene anthu amasokoneza. Furosemide, amene ambiri amangoti Lasix, amakodzetsa n'kuphwetsa miyendo, motero wodwala amamukonda chifukwa amaona msanga zotsatira. Koma amene amatalikitsa moyo wa munthu wa mtima wofooka pa kapopedwe ndi ena, osaonetsa changu: enalapril ndi anzake, carvedilol kapena bisoprolol, spironolactone, komanso dapagliflozin amene adayamba ngati mankhwala a shuga. Kusiya awa chifukwa miyendo yaphwa ndi njira yachidule yobwerera ku wodi.

Kunyumba nkhondo yaikulu ili mumphika. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo mcherewo suli m'botolo lapatebulo mokha. Uli mu kapenta ndi nsomba zouma zothira mchere, mu soseji, m'timakyubu tokometsera ndiwo, ndi mu soda wophikira therere. Sikelo yakunyumba imathandiza kuposa mmene anthu amaganizira: kukwera ndi makilogalamu 2 m'masiku atatu ndi madzi, si mafuta, ndipo ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala tsiku la ku kiliniki lisanakwane. Mapilitsi a ululu monga diclofenac ndi Brufen, ogulidwa pakantemba popanda funso, amasungitsa madzi m'thupi ndi kuvulaza impso.

Munthu akatopa ndi kugonekedwa kawirikawiri, amayamba kufunsa ngati kulibe kwina kumene akuyesa mankhwala atsopano. Funsoli n'lomveka, koma kafukufuku si chipatala chapamwamba. Ndi njira yoyankhira funso limene madokotala enieniwo sadziwa yankho lake. Olowamo amagawidwa m'magulu mwamaere, kompyuta ndiyo imasankha. Ena amalandira mankhwala oyesedwawo, ena mankhwala akale kapena piritsi lopanda kanthu pamwamba pa mankhwala awo a masiku onse, ndipo nthawi zambiri wodwala ndi dokotala yemwe sadziwa kuti wagwera kuti.

Zotsatira zimagwera mbali zonse. Kafukufuku wa DAPA-HF wa mu 2019, wa odwala 4,744, ndiye adaonetsa kuti dapagliflozin amachepetsa imfa ndi kugonekedwa ngakhale kwa opanda shuga. Koma wa INVICTUS, wa mu 2022, adayerekeza mankhwala awiri oletsa magazi kuundana, rivaroxaban watsopano ndi warfarin wakale, pa anthu oposa 4,500 a timavavu towonongeka ndi mtima wogunda mosalongosoka, ndipo amene ankamwa mankhwala akale ndiwo adamwalira ochepa. Wa IMPI, wotsogozedwa ndi Bongani Mayosi wa ku Cape Town, adapeza mu 2014 kuti prednisolone amachepetsa kuuma kwa kathumba ka mtima mwa odwala TB, komanso kuti amachulukitsa khansa mwa amene ali ndi HIV.

Ndola si mlendo pa zofufuza. Tropical Diseases Research Centre idakhazikitsidwa kumeneko mu 1975 mothandizidwa ndi WHO, ngakhale kuti mbiri yake yagona kwambiri pa malungo, HIV ndi TB, osati mtima. Mumzindamo mulinso sukulu ya madokotala ya Copperbelt University yotchedwa Michael Chilufya Sata School of Medicine. Khomo lolowera m'kafukufuku ndi dokotala wa ku kiliniki ya mtima, chifukwa akafukufuku amatenga anthu kudzera m'zipatala. Mndandanda wa kafukufuku wolembetsedwa umapezekanso pa intaneti, ku Pan African Clinical Trials Registry ndi ClinicalTrials.gov. Kufuna kokha sikulowetsa munthu: impso zofooka, pakati, BP yotsika kwambiri kapena nambala ya echo yosagwirizana ndi funso la kafukufukuyo zimamusiya panja, ndipo kukanidwa kotero sikutanthauza kuti matenda afika posachiritsika.

Lamulo la Zambia la National Health Research Act la mu 2013 limafuna kuti kafukufuku aliyense wa zaumoyo avomerezedwe ndi komiti yoona za ufulu wa olowamo komanso National Health Research Authority, ndipo woyesa mankhwala amafunikanso chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la ZAMRA. Wodwala ali ndi ufulu wopempha kuona makalata amenewa. Fomu yovomera iyenera kufotokozedwa m'chinenero chimene iye amamva, kaya Chibemba kaya Chinyanja, ndipo angathe kupita nayo kunyumba kukaisinkhasinkha ndi abale asanasaine kapena kudinda chala. Mphekesera zakuti akafukufuku amaba magazi n'zakale m'dziko muno. Njira yothana nazo ndi kufunsa poyera kuti magazi otengedwa ndi ochuluka bwanji, akupita kuti, ndipo adzasungidwa mpaka liti. Wodwala afunsenso amene adzalipira akavulala ndi mankhwalawo, ndi ngati adzapitiriza kuwalandira kafukufuku akatha.

Kafukufuku weniweni salipiritsa wolowamo. Kawirikawiri amabweza ndalama ya basi. Wofuna kutulukamo amatuluka tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa, ndipo khadi lake la ku kiliniki limagwirabe ntchito monga kale. Chofunika n'kuuza akafukufukuwo asanasiye mapilitsi, popeza ena mwa mankhwala a mtima sasiyidwa mwadzidzidzi.