Malire a madzi a Nyanja ya Malawi

Malire a madzi a Nyanja ya Malawi ndi mzere wa pamapu wozungulira dera lonse limene mvula yake imakathera m'nyanjayi. Mzerewu umatsata mapiri ndi zitunda pamene madzi amagawikana, ena kulowera kunyanja, ena kwina. Derali lili m'mayiko atatu: gawo lalikulu ndi la Malawi, lotsatira ndi la Tanzania, ndipo la Mozambique ndi laling'ono.

Kumadzulo

Kumadzulo malire a madzi ndi malire a dziko amayendera pamodzi. Atsamunda a ku Britain ndi Portugal atagwirizana mu 1891, anatenga zitunda zogawa madzi kukhala malire. N'chifukwa chake mvula yogwa pamsana pa mapiri a Dzalanyama imagawika pawiri: ya kuno imalowa mumtsinje wa Lilongwe, ya tsidya linalo imatsikira ku Tete n'kukathira mu Zambezi. Malire ndi Zambia nawonso amalekanitsa madzi a nyanjayi ndi a mtsinje wa Luangwa.

M'kati mwa dziko mulinso malire ang'onoang'ono. Malawi anagawidwa m'zigawo 17 za madzi. Cha Linthipe ndi nambala 4, cha Bua ndi nambala 5. Munthu woyenda pamsewu wa M12 kuchoka ku Lilongwe, kudutsa pa Mpingu kupita ku Namitete, amawoloka malire a zigawo ziwirizi osazindikira, poti malowo ndi athyathyathya komanso amadambo. Madzi a mbali ya mzinda amadzera mu Lilongwe ndi Linthipe kukalowa m'nyanja ku Salima. A mumtsinje wa Namitete amathira mu Bua, amene amakalowa m'nyanja ku Nkhotakota. Choncho nthaka yokokoloka m'minda ya ku Namitete ingathe kukafika kumene nsomba ya mpasa imaswanirana mu Bua.

Kumpoto ndi kum'mawa

Kuno malire a madzi amalowa m'mayiko ena. Mtsinje wothira madzi ambiri m'nyanjayi, Ruhuhu, uli ku Tanzania. Songwe ndi malire a Malawi ndi Tanzania, koma umasinthasintha njira madzi akasefukira, mwakuti minda ina imapezeka tsidya lina.

Kajambulidwe ka mapu

Kale akatswiri ankayeza kutalika kwa malo akuyenda pansi, dziko lililonse n'kujambula mapu othera m'malire ake. Masiku ano amagwiritsa ntchito miyezo yotengedwa kumwamba, monga ya SRTM imene bungwe la NASA linatenga mu 2000. Kompyuta imaona kumene malo apendekera n'kulondola njira ya madzi. Njirayi imavuta m'madambo, momwe kusiyana kwa mamita ochepa kungasunthe mzere, ndiye pamafunikabe kukaona pamalopo.

Kufunika kwake

Nyanjayi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amauma ndi dzuwa. Madzi olowa akachepa, Shire amaphwa: pakati pa 1915 ndi 1935 anasiya kutuluka m'nyanja. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Shire, monga pa Nkula, kotero kudula mitengo kapena kumanga damu ku Ruhuhu kumakhudzanso Amalawi.

Mayiko atatuwa ali m'bungwe la ZAMCOM, loyang'anira madzi a Zambezi, limene pangano lake linasainidwa mu 2004. Komabe mkangano wa Malawi ndi Tanzania pa umwini wa kumpoto kwa nyanja, wochokera pa pangano la Heligoland la 1890, sunathebe.