Mkhalapakati wa Inshuwalansi Aima Mbali ya Yani?

Aphunzitsi ndi antchito a Boma amene agula galimoto kapena amanga nyumba afunsa kawirikawiri kuti inshuwalansi aigule kwa yani. Tsono anthu opezeka pa malonda amenewa ali a mitundu iwiri, ndipo si bwino kuwasokoneza. Woyamba ndiye ajenti, mtumiki wa kampani, amene agulitsa za mbuye wake. Wachiwiri ndiye mkhalapakati, wotchedwa broker, amene udindo wake ndi kuima mbali ya wogula, kuyendera makampani angapo, ndi kumpezera mtengo ndi mapangano omuyenera.

Ntchito imeneyi si ya lero. Inakulira mu mzinda wa London, kumene eni zombo ndi amalonda ankasonkhana m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd cha m'ma 1688. Msika wa Lloyd's, umene unatenga dzina lake, ulipobe, ndipo malonda ake ambiri adzera mwa akhalapakati.

Koma pali chinthu chimodzi chimene owerenga athu ayenera kuchisunga. Malipiro a mkhalapakati nthawi zambiri achokera ku kampani, imene impatulira gawo pa ndalama zimene wogula walipira. Ali ngati nkhoswe yoimira kuchimuna, koma nsima idya kuchikazi. Sitinena kuti mwa ichi ali wonyenga ayi. Tinena kuti wogula asachite manyazi kumfunsa kuti wayendera makampani angati, mitengo yawo ili pati polembedwa, ndipo gawo lake ndi lotani. Munthu woongoka sakwiya nawo mafunso otere.

Funso loyamba ndithu likhale la chilolezo. Kuno ku Malawi, lamulo la Financial Services Act la 2010 linaika Gavanala wa Reserve Bank kukhala woyang'anira mabungwe a zachuma, ndipo ku ofesi yake ndiko kuchokera zilolezo za akhalapakati, ndikonso kulandiridwa madandaulo. Wokana kuonetsa chilolezo asapatsidwe ngakhale tambala.

Pamene mkhalapakati wabwino aonetsera phindu lake ndi pa kuyesa mtengo wa katundu. M'mapangano ambiri a nyumba muli mawu akuti munthu akatchula mtengo wochepa kuposa weniweni, chipukutamisozi chichepanso molingana. Tiyerekeze nyumba yofuna K40 miliyoni kuti imangidwenso, koma mwini wake anailembetsa pa K20 miliyoni. Moto ukaononga za K10 miliyoni, iye alandira K5 miliyoni yokha, pakuti analipira theka la chitetezo. Nkhaniyi inakula mu November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse, simenti ndi malata nazikwera mtengo, koma manambala a m'mapepala a anthu anangokhala pomwe anali. Mkhalapakati amene angotumiza kalata yokumbutsa malipiro chaka ndi chaka, osafunsa za mtengo watsopano, sagwira ntchito imene alandirira gawo lake.

Nayenso wogula ali ndi mbali yake. Ayenera kuulula zoona zonse. Mphunzitsi amene galimoto yake inyamula anthu olipira Loweruka anene chomwecho, pakuti kampani ikadzazindikira ngozi itachitika, ikhoza kukana kulipira. Afunsenso momveka ngati akugula chitetezo cha anthu ena chokha, chimene lamulo la pamsewu likakamiza, pakuti chimenecho sichikonza galimoto ya mwini wake.

Ndalama zikaperekedwa, lisiti lisatsale, ndipo pepala la mapangano likhale lochokera ku kampani yeniyeniyo, lokhala ndi nambala yake. Kuimba lamya ku kampaniyo ndi kutsimikiza kuti dzina lanu lalowa m'mabuku ndi ntchito ya mphindi zisanu. Tsoka likagwa, mkhalapakati auzidwe tsiku lomwelo, chifukwa mapangano aika malire a nthawi yonenera, ndipo kulondola chipukutamisozi kufikira chitatuluka ndi gawo la ntchito yake.