Kalonga sanali Louis XIV

Ndikauza anthu kuti ntchito yanga ndi kufufuza mbiri ya maufumu akale, ambiri amayankha mofanana: "Kale mfumu ikalankhula, nkhani yatha." Mawuwa amamveka pamsika wa Insaca ku Mecanhelas, amamvekanso m'sitima yopita ku Entre Lagos. Ine ndimawakana.

Ufumu woti munthu mmodzi akhale lamulo payekha unalipodi, koma unakula kwambiri ku Ulaya. Louis XIV wa ku France, amene anakhala pampando kuyambira 1643 mpaka 1715, ankakhulupirira kuti ufumuwo anam'patsa ndi Mulungu, choncho panalibe womufunsa. Msonkhano wa oimira anthu sanauitanepo n'kamodzi komwe. Mu 1651, Thomas Hobbes wa ku England analemba buku lotchedwa Leviathan, nanena kuti anthu opanda wolamulira woopedwa amadyana okhaokha. John Locke anatsutsa mu 1689: wolamulira akaphwanya pangano, anthu ali ndi ufulu womuchotsa. Mkanganowu sunali wapapepala pokha. Mfumu Charles I wa ku England anadulidwa mutu mu 1649, Louis XVI wa ku France mu 1793.

Nanga kwathu kuno, m'zaka zomwezo? Ife ofufuza timadalira mboni ziwiri: zolemba za Apwitikizi a ku Tete ndi Sena, komanso zimene agogo anasiyira adzukulu pakamwa. Luso lathu lagona pozindikira chimene mboni iliyonse sinathe kuona. Mpwitikizi Gaspar Bocarro, poyenda kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616, analandiridwa ndi Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi. Mlendo wotere amaona ankhondo, minyanga ndi mphatso. Zokambidwa kuseri ndi amayi a mbumba sazimva. N'chifukwa chake m'makalata a Apwitikizi mafumu athu amaoneka ngati mafumu akwawo.

Zapakamwa zimatiuza zina. Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi ku Mankhamba, anali Mphiri, ndipo ankayenera kuchokera m'mimba ya Nyangu, mayi wa ufumuwo. Mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa Abanda, eni nthaka amene Aphiri anawapeza. Mvula sinali m'manja mwake: zopempha mvula zinali za Makewana ku Msinja. Taganizirani, mfumu yoti chilala chikavuta iyenera kutumiza nsembe kwa mayi wina n'kudikira yankho! Imeneyo singanene kuti dziko ndi iyo yokha.

Ndipo anthu akatopa nayo mfumu, sankafunikira nkhwangwa. Malo analipo ambiri, motero ankangosamuka. Undi, wa m'banja lachifumu, atamudumpha pa ufumu wa Kalonga, ananyamuka ndi anthu ake, natenganso Nyangu, n'kukakhazikitsa ufumu wake ku Mano, m'chigawo cha Tete cha lero. M'midzi zinali chimodzimodzi. Banja lokwiya linkasenza mitondo ndi mbewu, mfumu yankhanza n'kutsala ikulamulira mabwinja.

Sindikunena kuti kale kunali mtendere wokhawokha. Mwavi unapha osalakwa, akapolo anagulitsidwa, ndipo mnyanga wa njovu wogunda pansi unali wa mfumu ngakhale sinapite kuuzimba.

Koma mfumu yosafunsidwa imene akuluakulu athu amaikumbukira ku Mecanhelas ndi ya dzana. Ndi regulo wa Apwitikizi, woikidwa ndi boma, wotolera msonkho, wokakamiza thonje, wopereka anyamata ku chibalo (ntchito yokakamiza), kumbuyo kwake kuli sipayo (wapolisi) ndi mbalamatodya yomenyera anthu. Ameneyo ankaopa mzungu wa ku ofesi kuposa mbumba yake. Frelimo inachotsa maregulo dziko litalandira ufulu mu 1975, ndipo boma linawazindikiranso mafumu ndi lamulo la Decreto 15/2000.

Tsono inu a ku Insaca, mfumu ikagawa dimba la m'mbali mwa nyanja ya Chiuta popanda kufunsa eni mbumba, n'kumati ndiwo mwambo wa makolo, musavomere. Makolo ankafunsa, ndipo inunso funsani.